Rangeley, Central, Chichiri, Kamuzu: bwalo ndi lomwelo

Mwa mabwalo akuluakulu omwe Amalawi amasonkhanapo kukaonera mpira, magule ndi oimba, la Civo Stadium ku Area 9 mumzinda wa Lilongwe lili ndi dzina losautsa munthu aliyense. Mawu akuti Civo ndi chidule cha Civil Service, kutanthauza ogwira ntchito m'boma, ndipo chiyambire 1994 atsogoleri a dziko lino asinthana kangapo popanda ndi mmodzi yemwe woona chifukwa chowafufutira. Timu yomwe ili ndi khomo pabwaloli ndiyo yakhala ikusintha: idali Civo United, idatchedwapo Civil Sporting Club, kenaka Civil Service United. Koma wokonza phwando la zoimbaimba akalemba pachikalata choitanira anthu kuti "pa Civo", wa ku Kawale ndi wa ku Area 25 onse amadziwa kolowera, monga ankadziwira makolo awo.

Bwalo lalikulu la ku Chichiri mumzinda wa Blantyre lidayenda njira ina. Lero limatchedwa Kamuzu Stadium, koma dzinali ndi lachitatu komanso lachisanu pamndandanda wa maina ake, chifukwa lidachotsedwapo n'kubwezeretsedwa. Amene angafufuze m'nyuzipepala zakale kapena m'mabuku a zotsatira za mpira apeza Rangeley Stadium, Central Stadium, Kamuzu Stadium ndi Chichiri Stadium, ndipo osadziwa angayese kuti mzinda wa Blantyre udali ndi mabwalo anayi. Malo ndi amodzi. Kusintha kulikonse kwa dzina kudadza pambuyo pa kusintha kwa olamula.

Rangeley adali yani?

Bwaloli lidamangidwa m'zaka za m'ma 1950, dziko lino likadali Nyasaland, m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Dzina lake loyamba lidali lokumbukira William H. J. Rangeley, mkulu wa boma la atsamunda yemwe adafika pokhala bwanamkubwa woyang'anira chigawo cha kummwera ndipo adamwalira mu 1958, chaka chomwe Dr Hastings Kamuzu Banda adabwerera kumudzi.

Ndi ochepa lero amene angalitchule dzinali, koma mwiniwakeyo sadali mtsamunda wongokhometsa msonkho. Rangeley adali m'gulu la mabwana a boma omwe ankakhala pansi ndi mafumu ndi akuluakulu a m'midzi n'kumalemba zomwe auzidwa. Adalemba za malamulo a Achewa, za nyau m'boma la Nkhotakota, lomwe panthawiyo linkalembedwa kuti Kota Kota, za Mbona wa ku Nsanje, za akachisi opemphererako mvula komanso za mbiri ya Ayao. Zambiri mwa zolembazi zidatuluka m'magazini ya Nyasaland Journal, ndipo mapepala ake amasungidwa ndi bungwe la Society of Malawi, lomwe nyumba yake ya mabuku ili ku Mandala House mumzinda wa Blantyre. Ophunzira mbiri ya Amaravi amamuwerengabe mpaka pano, ngakhale amadziwa kuti ankalemba ndi maso a wolamulira.

Izi sizidamupulumutse. Dziko lofuna kudzilamulira silikadakwezera mbendera yake pabwalo lotchedwa dzina la bwanamkubwa wa Angerezi. Pofika nthawi ya zikondwerero za ufulu, bwaloli linkatchedwa Central Stadium, dzina lopanda mwini, ndipo ndi pamenepo pomwe khamu la anthu lidachezera usiku wa pa 5 July 1964 kudikira kuti mbendera ya Britain itsike ndipo yakuda, yofiira ndi yobiriwira ikwere pakati pa usiku. Prince Philip ndiye adaimirira Mfumukazi Elizabeth pamwambowo.

Tsache lomwe lidasesa Rangeley lidasesanso maina ena m'zaka zomwezo. Fort Johnston idasanduka Mangochi, Port Herald idakhala Nsanje, Fort Manning idakhala Mchinji, Fort Hill idakhala Chitipa. Blantyre ndi Livingstonia adatsala, poti Dr Banda, yemwe adali mkulu wa mpingo wa Church of Scotland, ankalemekeza David Livingstone ndi amishoni a ku Scotland.

Zaka za Ngwazi

Dzina la Central silidakhalitse. Dziko litakhala lipabuliki pa 6 July 1966, chipani cha Malawi Congress Party n'kutsala chokha mwalamulo, zinthu zambiri zidayamba kutchedwa Kamuzu, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1970 aliyense ankalidziwa bwaloli kuti Kamuzu Stadium. Mu 1971 Dr Banda adakhala mtsogoleri wamuyaya.

M'zaka zimenezi bwaloli lidali nsanja yaikulu kuposa ina iliyonse ya nyimbo ndi magule m'dziko muno. Pa 6 July, pa 14 May lomwe lidali tsiku la Kamuzu, pa tsiku la amayi mu October komanso potsegulira sabata ya achinyamata, magulu ovina ankabwera kuchokera m'maboma onse. Ingoma ya ku Mzimba, ngoma ya ku Ntcheu, beni ya ku Mangochi, malipenga a ku Nkhata Bay, chioda cha ku Nkhotakota, chimtali ndi gule wamkulu wa m'chigawo chapakati ankalowa m'bwalo motsatizana, wailesi ya MBC ikuulutsira dziko lonse. Amayi a mbumba, atavala nsalu ya nkhope ya mtsogoleriyo, ankadzaza bwalo boma ndi boma, ndipo iye ankatsika pansanja, litchowa lili m'manja, kukavina nawo. Angoni akalowa, ankanyamula chishango. Magulu oimba a asilikali ndi apolisi ankatsogolera perete, ana a sukulu ndi a Malawi Young Pioneers n'kumaonetsa masewero olimbitsa thupi omwe adawakonzekera kwa masabata ambiri.

Magule ambiri omwe akadangothera m'midzi mwawo adadziwika dziko lonse chifukwa cha bwalo limeneli. Mwana wa ku Nsanje adamva koyamba kulira kwa malipenga kudzera pamwambo wa pa Kamuzu Stadium, ndipo mwayi wotere udalibe kwina kochokera m'dziko lomwe lidalibe wailesi yakanema mpaka 1999. Komabe zidali ndi mtengo wake. Mawu a nyimbo zamakolo ankasinthidwa kuti atamande munthu mmodzi. Amayi ankasiya makomo, minda ndi ntchito kukagona m'masukulu pokonzekera magule, ndipo kukana kudali kudziputira mlandu. Khadi la chipani linkafunsidwa pamsika, pokwera basi ngakhalenso pakhomo la chipatala. Choncho kwa ena dzina la Kamuzu Stadium limakumbutsa masiku a dongosolo ndi chisangalalo, pomwe kwa ena limakumbutsa dzuwa loswa mtengo, njala ndi mantha. Magulu awiriwa onse adalipo pabwalopo tsiku limodzi, ena atakhala moyandikana.

Mpira nawo udakula ndi dzina lomweli. Timu ya dziko lino idatenga chikho cha maiko a kummawa ndi pakati pa Africa mu 1978 mpikisano utachitikira konkuno, idachitetezanso mu 1979 ku Kenya, n'kudzachitenganso pakhomo mu 1988. Mu May 1989 Papa Yohane Paulo Wachiwiri adakumana ndi achinyamata pa Kamuzu Stadium, ndipo Misa yaikulu adachitira ku Kwacha Park, malo omwe lero amatchedwa Njamba Freedom Park. Nako ku Njamba dzina lidatsata ndale: mawu akuti kwacha adali mfuu ya chipani cha Kongeresi, ndipo matipate atabwera malowo adapatsidwa dzina la ufulu wachiwiri.

Chichiri chomwe sichidakhomeke

Pa 14 June 1993 Amalawi adavotera ndale za zipani zambiri, ndipo pa 17 May 1994 adasankha Bakili Muluzi wa chipani cha UDF, yemwe kale adakhalapo mlembi wamkulu wa MCP. Adalumbirira pa Kamuzu Stadium pomwepo. Pasadapite nthawi yaitali, boma lake lidayamba kuchotsa dzina la Kamuzu pa zinthu zina za boma. Bwalo la ndege la ku Lumbadzi lidakhala Lilongwe International Airport, chipatala chachikulu cha mumzinda wa Lilongwe chidakhala Lilongwe Central Hospital, tsiku la Kamuzu lidachotsedwa pamndandanda wa masiku a tchuthi ndipo m'malo mwake mudalowa 14 June, tsiku la ufulu. Bwalo la ku Blantyre lidatchedwa Chichiri Stadium.

Poganizira bwino, dzinali lidali losankhidwa mwanzeru. Chichiri ndi dera lomwe bwaloli lili, limodzi ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale, khoti lalikulu, ndende, likulu la khonsolo ya mzinda, bwalo la chionetsero cha zamalonda ndi sukulu ya sekondale. Silidali dzina la Muluzi kapena la mnzake wa ndale, ndipo silikadayenera kukhumudwitsa munthu. Achinyamata omwe adayamba kuonera mpira m'zaka zimenezo adalizolowera msanga, ndipo mabuku a mabungwe a mpira akunja amasonyeza masewero a timu ya dziko lino a nthawi imeneyo kuti adaseweredwa pa Chichiri Stadium. Koma m'Chichewa chichiri ndi kamtengo kokhoma pansi kuti chinthu chisasunthe, ndipo chichiri ichi chidangolowa pamwamba. Akuluakulu ambiri sadasiye kunena kuti akupita ku Kamuzu, ndipo otsatira MCP adaona kusinthaku ngati kunyoza munthu wokalamba yemwe adavomera kugonja pachisankho mwamtendere.

Kufufutako sikudafike paliponse. Kamuzu Academy ku Mtunthama, Kamuzu Barracks, sukulu ya anamwino ya Kamuzu College of Nursing ndi msewu wa Kamuzu Procession mumzinda wa Lilongwe zidatsala ndi maina awo. Dr Banda adamwalira pa 25 November 1997 ku Johannesburg, ndipo boma lomwe lidachotsa dzina lake pabwalo ndi lomwenso lidamuika m'manda mwaulemu wonse wa boma.

Bingu wa Mutharika adalumbira kukhala mtsogoleri pa 24 May 2004 pa Chichiri Stadium, ataimira chipani cha UDF chomwecho. Chaka chisadathe, adalamula kuti dzina la Kamuzu libwerere pabwaloli, pabwalo la ndege ndi pachipatala. Mu February 2005 adatuluka m'chipani cha UDF n'kuyambitsa DPP, ndipo ambiri adaona kubwezeretsa mainako ngati chizindikiro choyambirira choti sadafune kuyenda mumthunzi wa amene adamusiyira mpando, komanso ngati njira yokopera anthu a m'chigawo chapakati komwe MCP idali ndi mphamvu. Mu May 2006 adatsegulira chiliza cha Dr Banda ku City Centre, tsiku la Kamuzu lidadzabwereranso kukhala latchuthi, ndipo mu 2012 nkhope ya Dr Banda idaoneka pa ndalama ya K1,000. Joyce Banda atalowa m'boma adaonjezera potcha nyumba ya boma ya ku Lilongwe kuti Kamuzu Palace.

Pali zinthu ziwiri zoseketsa pa nkhani ya 2004. Chaka chomwe bwalo lidachotsedwa dzina lomwe boma la Muluzi lidapereka, timu yotchuka yomwe imasewera pabwalopo inkatchedwa Bakili Bullets, ndipo ndi chaka chomwe idafika m'ndime ya m'magulu ya mpikisano wa akatswiri a mu Africa. Chachiwiri ndi msewu. Msewu waukulu wolumikiza Blantyre ndi Limbe, womwe umadutsa pafupi ndi bwaloli, udali Kamuzu Highway, ndipo boma la Muluzi lidautcha Masauko Chipembere Highway. Dzina limeneli silidabwezedwe. Motero wopita ku Kamuzu Stadium lero amayenda pamsewu wa nduna yomwe idasemphana ndi Dr Banda mu September 1964, idatsogolera gulu lofuna kumuchotsa ndi zida mu February 1965, n'kukafera ku America mu 1975.

Dzina litabwerera, bwaloli lidaonanso masiku abwino. Mu June 2008 timu ya Flames idagonjetsa Egypt 1-0 ndi chigoli cha Chiukepo Msowoya, ndipo mu October 2009 idafanana mphamvu 1-1 ndi Ivory Coast ya Didier Drogba. Koma dzina silimata ming'alu. Kuyambira mu 2012 mbali zam'mwamba za malo okhalapo anthu zidatsekedwa poopa ngozi, chiwerengero cha ololedwa kulowa chidatsika kwambiri, ndipo masewero akuluakulu a timu ya dziko adasamukira ku Lilongwe. Miyambo ya boma ndiyo sidalitaye: Peter Mutharika adachitira pomwepo mwambo wolandira udindo mu 2014, mu 2019 komanso pa 4 October 2025.

Ku French

Pafupi ndi bwaloli, ku Chichiri komweko, kuli malo ena omwe kwa oimba ndi ochita zisudzo ndi ofunika kuposa sitediyamu. French Cultural Centre idatsegulidwa mu 1973 ndi boma la France ngati malo ophunzirira Chifalansa, okhala ndi nyumba ya mabuku, holo ndi nsanja yapanja. Kwa zaka 38 idali kumene luso la munthu linkayesedwera. Du Chisiza Jnr ndi gulu lake la Wakhumbata Ensemble Theatre, Kwathu Drama Group, Izeki ndi Jakobo, Nanzikambe, Lucius Banda ndi Zembani, Black Missionaries ndi magulu osawerengeka a nyimbo zauzimu adadutsa pansanja imeneyo, kawirikawiri Lamulungu masana. M'nthawi ya chipani chimodzi, zisudzo zomwe zinkanena mophiphiritsa zinthu zosaneneka poyera zinkapeza malo kumeneko.

Afalansa adatseka malowa mu 2011 ndipo boma la Malawi lidawagula pamtengo wa K300 miliyoni. Pakati pa kuchoka kwa eni akale ndi kukhazikika kwa eni atsopano, akuba adalowa n'kusakaza katundu, ndipo ntchito yokonzanso yakhala ikuyenda mwakachetechete kwa zaka zambiri. Dzina latsopano ndi Blantyre Cultural Centre. Apa panalibe mkangano wa ndale, popeza malo a boma la Malawi sakadapitiriza kutchedwa a Afalansa. Chonsecho woyendetsa minibasi, wogulitsa matikiti ngakhale woimba mwiniwake amanenabe kuti "ku French", ndipo atolankhani kwa zaka zambiri akhala akulemba dzina latsopano n'kuonjezera lakale kuti owerenga asasokere. Anthu salitaya msanga dzina la malo omwe adasangalalirako.

Kunja ndi ndalama, kuno ndi mpando

M'maiko olemera, dzina la bwalo la zoimbaimba ndi katundu wogulitsa. Nyumba yaikulu ya ku London yomwe idamangidwa ngati Millennium Dome idakhala The O2 kampani ya mafoni italipira, ndipo Staples Center ya ku Los Angeles idasanduka Crypto.com Arena mu December 2021. Amalawi okhala ku Johannesburg amaidziwa nyumba yozungulira ya ku Northgate, yomwe idatchedwapo MTN Sundome, Coca-Cola Dome ndi Ticketpro Dome isadagulidwe mu 2021 ndi kampani yogulitsa galimoto zakale ya WeBuyCars. Mumzinda womwewo, FNB Stadium idatchedwa Soccer City pa mpikisano wa dziko lonse wa 2010 chifukwa bungwe la FIFA sililola dzina la kampani yomwe si yothandiza mpikisanowo.

Kuno kwathu makampani amagula maina a matimu ndi zikho. Bullets idakhalapo Bata, Total, Bakili ndi Nyasa, pomwe Wanderers idanyamulapo maina a Yamaha, Limbe Leaf, MTL, Be Forward ndi Mukuru. Mabwalo omwe ali ndi maina a makampani, monga BAT Ground ku Blantyre, adawatenga chifukwa kampaniyo ndiyo idali mwini malo, ndipo MDC Stadium idayamba kutchedwa Chilomoni Stadium kampani ya boma ya MDC itatha. Mabwalo akuluakulu ndi a boma, choncho wotcha dzina ndi amene ali pampando. Anansi athu a ku Zambia adaonetsa kuti anthu akhoza kukana: mu 2013 boma lidatcha bwalo latsopano la ku Lusaka kuti Gabon Disaster Heroes National Stadium pokumbukira osewera omwe adafa pangozi ya ndege mu 1993, koma anthu atadandaula kuti bwalo silingatchedwe dzina la tsoka, lidasinthidwa kukhala National Heroes Stadium.

Lilongwe, mzinda wa manambala

Lilongwe idakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo okonza mapulani a bungwe la Capital City Development Corporation adagawa mzindawu m'madera a manambala. Madera ena, monga Kawale, Chilinde, Biwi ndi Mchesi, anthu amawatchula ndi maina, koma Area 9, Area 18 ndi Area 47 adangokhala manambala, ndipo nambala ilibe chipani. Maina a anthu adapita pamisewu ndi panyumba zikuluzikulu, ndipo kumeneko ndiye kwakhala kukusintha. Msewu wa Chilambula udatchedwa Paul Kagame mu 2007 mtsogoleri wa Rwanda atabwera kudzacheza. Kamuzu Institute for Youth ya ku Area 17, yomwe idamangidwa m'masiku a Young Pioneers, lero ndi Kamuzu Institute for Sports.

Mabwalo awiri atsopano a mumzindawu onse ali ndi dzina la Bingu, yemwe adamwalira ali pampando mu April 2012. Bingu International Convention Centre ku City Centre, komwe kumachitikira maphwando a oimba a matikiti okwera mtengo, anthu adaifupikitsa kukhala BICC, zilembo zinayi zomwe wozitchula saganizanso za munthu. Pabwalo lake lapanja la Malawi Square ndi pomwe Lazarus Chakwera adalumbirira pa 28 June 2020. Bingu National Stadium ku Area 48, yomangidwa ndi ngongole yochokera ku China komanso yokhala anthu oposa 40,000, idatsegulidwa mu January 2017 mng'ono wake wa Bingu ali mtsogoleri wa dziko. Boma la MCP lidalamula kuyambira 2020 mpaka 2025 osakhudza maina awiriwa.

Bwalo la Bingu lisadamangidwe, Civo ndiyo inkanyamula miyambo yaikulu ya mumzinda wa Lilongwe, ndipo ikulandirabe misonkhano ya mapemphero, ya ndale ndi maphwando a oimba omwe amafuna malo otakasuka pamtengo wofikirika. Chikondwerero cha zaka 50 za ufulu wodzilamulira pa 6 July 2014 chidachitikira pamenepo, ku Area 9, makilomita oposa 300 kuchokera pabwalo lomwe mbendera idakwezedwa koyamba likutchedwa Central Stadium.